Kuphunzira kudinda zithunzi ndi manja mu situdiyo: mafunso ndi mayankho

Anthu obwera kudzaphunzira luso limeneli amakhala osiyanasiyana: aphunzitsi a ku pulayimale, anyamata osema ziboliboli, amayi osoka ofuna kuika maluwa awoawo pansalu, ana a sekondale pa holide. Koma mafunso awo amakonda kufanana, ndiye tawasonkhanitsa pano. Oyambirira ndi a munthu amene sanagwirepo chida, akumapeto ndi a amene inki yamudetsapo kale zala.

Kodi kudinda zithunzi ndi manja n'chiyani? Sikufanana ndi fotokope?

Ayi. Taganizirani chidindo cha amfumu kapena cha ahedi. Munthu anakhala pansi n'kusema mphira, kuchotsa paliponse pamene sakufuna kuti inki ifike. Chidindocho chikagunda pa inki kenako papepala, chimasiya chizindikiro chomwecho kambirimbiri. Luso lathu ndi lomweli, kungoti m'malo mwa dzina la mudzi mumasema chithunzi chanu: nkhope, chambo, mlambe, msika wa Loweruka. Pachingerezi amati printmaking.

Fotokope imakopera chinthu chimene chilipo kale. Kuno chithunzi kulibe mpaka mutachidinda. Thabwa losemalo ndi chida chabe, chithunzi ndi chimene chatsala papepala. N'chifukwa chake pepala lililonse limene mwadinda ndi ntchito yeniyeni ya manja anu, ngakhale mutadinda 30.

Luso lake ndi lakale zedi. Buku lakale kwambiri losindikizidwa limene lili ndi deti, la chipembedzo cha Chibuda, linadindidwa ku China ndi matabwa osema m'chaka cha 868, ndipo pano likusungidwa ku British Library ku London.

Ine sinditha kujambula. Ndingaphunzire?

Bwerani. Funso ili timalimva sabata iliyonse, makamaka kwa akuluakulu amene anasekedwapo ali ana atajambula ng'ombe yooneka ngati galu. Mpeni sulola tizinthu ting'onoting'ono tambiri ngati pensulo. Umakukakamizani kusankha: apa pakhale pakuda, apa poyera. Nthawi zambiri amene amati satha kujambula ndi amene amatulutsa zithunzi zamphamvu tsiku loyamba, chifukwa salimbana ndi kukometsera. Amene amavutika pang'ono ndi akatswiri a pensulo, poti amafuna kuti tsitsi lililonse lioneke.

Ngati mumadziwa kusema mthiko, kudula patani ya malaya, kapena kuzokota mphika, manja anu ali kale panjira.

Njira zodindira zilipo zingati, ndipo ndiyambe ndi iti?

Zikuluzikulu ndi zinayi, ndipo zimasiyana pa malo amene inki imakhala.

Yoyamba, inki imakhala pamwamba, pamene simunaseme. Ndi ya chidindo ija. Mukasema thabwa amati woodcut, mukasema lino (choyala pansi m'nyumba, chofewa ngati mphira) amati linocut. Ngakhale mbatata yodula imene ana amadindira kusukulu ili m'gulu lomweli. Yachiwiri ndi yotembenuza yoyambayi: inki imalowa m'timizere tokumbika pa chitsulo, pamwamba n'kupukutidwa mbee. Etching ndi drypoint zili kumeneku. Yachitatu ndi lithography, imene Alois Senefelder anaitulukira ku Germany cha m'ma 1796. Imeneyi simusema kalikonse, imadalira kuti mafuta ndi madzi sizigwirizana, koma imafuna miyala yapadera ndi makina olemera moti masitudiyo ambiri ang'onoang'ono alibe. Yachinayi ndi ya sefa, imene ambiri mumaidziwa kwa odinda malaya.

Yambani ndi lino, mtundu umodzi wa inki, wakuda. Pamenepa sitinyengerera. Zonse zofunika kuziphunzira zili mommo: kuganiza chotembenuza, kugwira chida, kuyeza inki, kuika pepala pamalo pake. Amene wathamangira mitundu inayi sabata yoyamba amagwa ulesi, osati chifukwa alibe luso, koma chifukwa chikalakwika sadziwa kuti chalakwikira pati.

Tsiku loyamba limayenda bwanji?

Simuyamba ndi chithunzi. Timakupatsani kachidutswa ka lino kokwana m'dzanja kuti mungosema mizere: yowongoka, yokhota, timadontho, mizere yopingasana. Theka la ola limapita pamenepo, ndipo kachidutswako timakadinda kuti muone m'mene chida chilichonse chimalankhulira papepala.

Kenako mumajambula chithunzi chosavuta papepala, n'kuchisamutsira pa lino wamkulu ngati positikhadi. Kusema kumatenga maola awiri kapena atatu. Masana ndiye timayala inki pagalasi. Mphindi imene munthu amagwira ngodya ya pepala n'kulisenda pang'onopang'ono koyamba, m'chipinda mumakhala zii. Takhala tikuona zimenezi kwa zaka, koma sitinazolowerebe.

Valani zovala zimene simudandaula nazo, ndipo mphete ndi zibangili musiye kunyumba.

N'chifukwa chiyani dzina langa latuluka chotembenuka?

Chifukwa chimene chili kumanja pathabwa chimapita kumanzere papepala, monga zimakhalira pagalasi loyang'anira nkhope. Pafupifupi aliyense zimamuchitikira kamodzi. Pa tsamba kapena nsomba palibe vuto, koma pa zilembo, manambala, mapu a Malawi kapena munthu woimba gitala, muyenera kusema chotembenuza.

Njira yosavuta ndi iyi: jambulani papepala ndi pensulo yofewa, monga 4B, m'mene mukufunira kuti chidzaonekere. Vundikirani pepalalo pa lino, mbali yojambulayo pansi, n'kukhutiza kumbuyo ndi supuni. Pensulo imatsalira pa lino itatembenuka yokha. Dutsitsanimo cholembera chosafufutika kuti mizere isachoke ndi thukuta la m'manja. Musanaseme zilembo, ikani thabwa patsogolo pa galasi. Zikawerengeka bwino m'galasimo, zidzawerengekanso papepala.

Ndigule zida ziti? Nanga lino akapanda kupezeka?

Tsiku loyamba musagule kanthu, mugwiritsa ntchito za mu situdiyo. Mukatsimikiza mtima, zoyamba kugula ndi timipeni togobera tiwiri: ka msonga ya V ka mizere yopyapyala, ndi ka U kochotsera malo aakulu. Onjezani rola ya mphira yopakira inki ndi kachitini ka inki yakuda. Galasi loyalapo inki lingakhale la windo lakale lochindikala, m'mbali mwake mutamata tepi. Supuni muli nayo kale.

Lino poyamba sanali wa ojambula. Anamupanga Frederick Walton ku England m'zaka za m'ma 1860 kuti aziyalidwa pansi m'nyumba. Ndi mafuta a linseed osakaniza ndi utuchi wosalala, omatidwa pa chiguduli. Ojambula anamukonda chifukwa alibe mitsempha ngati thabwa, mpeni umapita kulikonse kumene mwaulozetsa. Kwathu kuno sapezeka wamba, ambiri amachita kuitanitsa kwa abale a ku Joni. Koma zimenezo zisakuimitseni. Mphira wosalala umene osoka nsapato amagula wa soli umasemeka bwino. Matailosi a pulasitiki oyala pansi, ofewawo, amathekanso. Pulayiwudi ndi MDF (thabwa la utuchi wopanikiza) zimapezeka kwa akalipentala, ndipo zidutswa zotsala nthawi zina amangokupatsani. Pa matabwa, malaina ndi wofewa bwino kwa woyamba. Paini amasemeka koma mitsempha yake imaoneka papepala, zimene ena amazikonda dala. Mlombwa ndi mbawa ndi zolimba, zimafuna dzanja lozolowera.

Ngakhale timipeni mungathe kupanga. Nthiti za ambulera yakutha zimakhala kale ndi mphako ya U. Dulani kachidutswa, nolani msonga, khomerani m'kamtengo kogwirira.

Ndikuopa kudzicheka. Ngozi imeneyi ndi yaikulu bwanji?

Ndi yeniyeni, ndipo pafupifupi nthawi zonse imachitika mwanjira imodzi: dzanja logwira thabwa lili kutsogolo kwa mpeni, mpeni n'kuterereka. Lamulo ndi lakuti manja onse awiri akhale kumbuyo kwa msonga. Mukafuna kukhota, zunguzani thabwa, osati mkono. Mu situdiyo timagwiritsa ntchito kathabwa kokola m'mphepete mwa tebulo, kokhala ndi chotchinga kutsogolo, kuti lino asathawe. Kalipentala aliyense angakupangireni.

Mpeni wobuntha ndi umene umacheka anthu, chifukwa umafuna kukankha ndi mphamvu. Nolani pamwala wosalala, ndipo pakati pa ntchito muzipukutira msonga pachikopa. Miyezi ya June ndi July lino amauma gwa ndi kuzizira. Muikeni padzuwa mphindi zingapo kapena mumukhalire pampando, afewa.

Kodi popanda makina osindikizira zingatheke?

Pa lino ndi thabwa, kwambiri. Ikani pepala pathabwa lopaka inki, ligwireni ndi dzanja limodzi, ndipo ndi kumbuyo kwa supuni khutizani mozungulira, kuyambira pakati kupita m'mbali. Musanachotse pepala lonse, tukulani ngodya imodzi musuzumire. Pamene patuwa, bwezerani n'kukhutizanso. Zithunzi zotchuka za ku Japan za nthawi ya wojambula Hokusai zinkadindidwa chonchi ndi manja, pogwiritsa ntchito kachida kozungulira kokutidwa ndi khoko la nsungwi kotchedwa baren.

Podinda ndi supuni, pepala lopyapyala ndi losalala ndi limene limagwira inki bwino. Pepala la mu ofesi la 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) ndi lokwanira poyeserera. Lochindikala kwambiri limatopetsa mkono ndipo limatuluka mawangamawanga.

Etching, drypoint ndi lithography ndi zimene zimafunadi makina. Onani funso la asidi m'munsimu.

Chithunzi changa chikutuluka chotuwa, nthawi zina mizere yoyera ikutsekeka. Ndikulakwitsa pati?

Apa ndi pamene pagona luso lonse, ndipo ndi chifukwa chachikulu chimene timalimbikitsira anthu kuphunzira pali mphunzitsi osati pa foni pokha. Inki imayezedwa ndi khutu ndi diso. Tengani pang'ono, ngati njere ya nyemba, muyale pagalasi ndi rola, kupita kutsogolo n'kunyamula, kupitanso n'kunyamula, kenako chopingasa. Inki yokwanira imalira mwakachetechete, kuti sii, ngati mafuta akayamba kutentha m'poto, ndipo pagalasi imaoneka ngati khungu losalala la timadontho ting'onoting'ono. Ikamalira kuti nyatunyatu n'kumatukula timinga, yachuluka. Yochulukayo ndi imene imasefukira m'mizere yanu yopyapyala n'kuitseka.

Kutuwa kuli ndi zifukwa zingapo. Mwina inki yachepa, mwina simunakhutize mokwanira, mwina pepala ndi lokhakhala. Dziwaninso kuti lino watsopano amamwa inki, choncho mapepala awiri kapena atatu oyamba amatuwa ndithu. Musathamangire kuthira inki yambiri. Pakani kopyapyala kangapo, osati kochindikala kamodzi. Mukaona timadontho toyera tozunguliridwa ndi kamphete, ndiye kuti kanyenyeswa ka lino kapena fumbi lamatirira pa rola. Sasani thabwa ndi burashi musanapake, ndipo nthawi ya mphepo ya fumbi tsekani mawindo.

Nyengo nayo imalowererapo. M'mwezi wa October inki ya madzi imauma pagalasi musanamalize n'komwe pepala lachitatu. Nthawi imeneyo dindani m'mawa, kapena gwiritsani ntchito inki ya mafuta.

Penti wa nyumba kapena wa m'machubu wa ojambula salowa m'malo mwa inki. Amaterereka pa rola ndipo amauma msanga.

Ndasema pamene sindimafuna. Ndingakonze?

Chimene chachoka chachoka, kumata kachidutswa kawirikawiri kumaoneka. Koma musataye thabwa musanalidinde. Nthawi zambiri chimene mukuchiona ngati chilema chachikulu sichioneka papepala, kapena chimangofuna mizere ina iwiri pambali pake kuti chikhale ngati munachifuna. N'chifukwa chake timati semani pang'ono, dindani pepala loyesera, yang'anani, semaninso. Kuchotsa kumatheka nthawi iliyonse.

Mitundu iwiri kapena itatu imalowa bwanji pa chithunzi chimodzi?

Pali njira ziwiri. Yoyamba, mtundu uliwonse umakhala ndi thabwa lake. Yachiwiri, thabwa ndi limodzi lomwelo koma mumalisema pang'onopang'ono. Mumayamba kuchotsa pamene padzakhale poyera, n'kudinda mapepala onse ndi mtundu wowala, tinene wachikasu. Mukatsuka thabwa, mumachotsa pamene mukufuna chikasu chitsale, n'kudinda wofiira pamwamba. Pomaliza wakuda. Wojambula wa ku Spain, Pablo Picasso, anaitchukitsa njira imeneyi cha m'ma 1959. Ubwino wake ndi wakuti mitundu imagwerana bwino poti thabwa ndi limodzi. Kuopsa kwake, simungabwerere m'mbuyo: mukadinda mapepala 10 achikasu n'kusemanso, 10 omwewo ndiwo onse. Choncho ngati mukufuna 10 abwino, yambani ndi 15.

Njira zonse ziwiri zimadalira kuti pepala ligwere pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse. Dulani katoni yochindikala ngati chilembo L, muimate patebulo kuti thabwa lizikhala pangodya yake, ndipo lembani mizere yosonyeza pamene m'mphepete mwa pepala muzifika. Dikirani mtundu woyamba uume musanaike wachiwiri. Za kuuma zili m'funso lomaliza.

Ndamva kuti etching imafuna asidi. Si zoopsa?

Imayenda chonchi: chitsulo cha mkuwa kapena zinki chimapakidwa phula lopyapyala. Mumajambula ndi singano, imene imangokanda phulalo. Chitsulo chikamizidwa m'mankhwala, mankhwalawo amadya pokhapo pamene singano yadutsa. Mukachotsa phula, mumakanikizira inki m'timizereto, n'kupukuta pamwamba ndi kansalu kolimba ngati neti. Pepala lake ndi lochindikala, la thonje, la 250 gsm kapena kuposa, ndipo limanyowetsedwa kaye kuti lifewe. Makina amalikanikiza mwamphamvu mpaka lilowe m'timizere n'kutola inki. Supuni singathe zimenezi. Rembrandt wa ku Netherlands anasiya zithunzi pafupifupi 300 za mtundu umenewu, ndipo ophunzira amaziyang'anabe mpaka lero.

Kale ankagwiritsa ntchito nitric acid, amene mpweya wake umawononga mapapo. Masitudiyo ambiri masiku ano anasamukira ku ferric chloride pa mkuwa, ndi copper sulphate wosakaniza ndi mchere pa zinki. Ndi zofatsirapo, komabe zimafuna magolovesi, magalasi a m'maso ndi mpweya wokwanira, ndipo zotsala zake sizitayidwa m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Izi musayesere nokha kunyumba.

Ngati mukufuna kulawa njirayi popanda mankhwala, yambani ndi drypoint. Mumakanda mwachindunji ndi msomali wonola pa pulasitiki yosalala, ngakhale mkati monyezimira mwa katoni ya mkaka kapena juwisi. Mizere yake imatuluka yofewa, yaubweya, yokongola kwambiri, koma imatha msanga, moti mapepala abwino amakhala ochepa.

Cholinga changa ndi kudinda malaya ndi nsalu. Ndili pamalo oyenera?

Inde, koma njira yanu yeniyeni ndi ya sefa. Nsalu ya timabowo tating'ono imakungidwa pa felemu ngati sefa ya ufa. Pamene simukufuna inki mumatseka, ndi pepala lodula kapena ndi mankhwala ouma ndi kuwala, ndipo inki imakokedwa ndi mphira wowongoka kudutsa pamene patseguka. Mwa njira zonse zofala, iyi ndi imene sitembenuza chithunzi, choncho vuto la zilembo lija kuno kulibe. Inki yake ndi ya nsalu, ndipo ikauma imafuna kusitidwa kuti isasuluke pochapa.

Lino nayenso amadinda pansalu, makamaka maluwa obwerezabwereza a m'mphepete mwa nsalu ya patebulo kapena zikwama. Masabata awiri a lino sakutayitsani nthawi: kugawa chithunzi m'mitundu ndi kugwetsa mtundu pamalo pake ndi zomwezo.

Manambala ngati 3/20 pansi pa chithunzi amatanthauza chiyani?

Kuti wojambula anadinda mapepala 20 ofanana, ndipo ili ndi lachitatu. Nambala imalembedwa kumanzere, mutu wa chithunzi pakati, siginecha kumanja, zonse ndi pensulo. Zilembo A/P zimasonyeza mapepala ochepa apadera amene wojambula amasunga. Nambala 1 siposa nambala 20 pa mtengo kapena ubwino.

Nambala yapansiyo ndi lonjezo kwa wogula. Mukalemba 20, musadzadindenso ena 20 chifukwa choti malonda ayenda. Ojambula ena amakanda mzere pathabwa akamaliza kuti lisadzagwirenso ntchito. Ubwino wa luso limeneli pa malonda ndi wakuti mphunzitsi kapena namwino amene sangakwanitse kugula chithunzi cha penti angathe kugula chodinda, n'kukhala ndi ntchito yeniyeni ya mmisiri pakhoma pake.

Kodi si luso la azungu limeneli? Alipo a kuno ku Africa amene ndingaonere?

Alipo ambiri, ndipo kum'mwera kwa Africa lino ali ndi mbiri yakeyake. M'zaka za m'ma 1960, Peder ndi Ulla Gowenius a ku Sweden anayambitsa malo a zaluso pansi pa mpingo wa Lutheran, amene anakhazikika ku Rorke's Drift ku South Africa, m'chigawo chimene pano ndi KwaZulu-Natal. Inali nthawi ya tsankho, pamene sukulu za zaluso zinali zotsekeka kwa anthu akuda. Lino anali wotsika mtengo, wosafuna makina, ndipo chithunzi chimodzi chinkatha kufika kwa anthu ambiri. Kumeneko kunatuluka Azaria Mbatha, amene ankasema nkhani za m'Baibulo anthu ake atavala Chizulu, ndi John Muafangejo wa ku Namibia, amene anabadwa mu 1943 n'kumwalira mu 1987. Muafangejo ankasema ziganizo zathunthu m'kati mwa zithunzi zake. Mukadzayesa kusema dzina lanu lokha chotembenuza, mudzamvetsa kukula kwa ntchito imeneyo.

Ku Zambia kunali Henry Tayali, amene zithunzi zake za pathabwa zimaonetsa anthu wamba m'misika ndi m'malo omwera. Malo a zaluso a ku Showgrounds ku Lusaka amatchedwa ndi dzina lake. Ku Johannesburg kuli Artist Proof Studio, imene Kim Berman ndi Nhlanhla Xaba anaikhazikitsa mu 1991, ndipo yaphunzitsa achinyamata ambiri. Inu amene muli ku Joni, kaoneni ntchito zawo ndi maso.

Ndipo ife Amalawi kusema si kwachilendo. Amene anafikapo ku Kungoni ku Mua, kapena anaima pa osema a m'mbali mwa msewu, akudziwa kuti manja alipo. Chatsopano ndi inki ndi pepala basi.

Zithunzi zimauma nthawi yaitali bwanji, ndipo zida ndizitsuke ndi chiyani?

Inki ya madzi imauma tsiku lomwelo. Ya mafuta imatenga masiku angapo, ndipo nthawi ya dzinja ingathe sabata kapena kuposa, makamaka ngati mwasanjikiza mitundu. Yanikani mapepala pachingwe ndi mapegi m'chipinda, osati padzuwa, ndipo musawaunjike. Kuti mudziwe ngati lauma, gundani pangodya yakuda ndi kapepala koyera. Likauma, sungani mogoneka pakati pa mapepala oyera, kutali ndi chinyezi ndi chiswe.

Potsuka inki ya mafuta simufunika parafini kapena petulo. Palani yotsala pagalasi, thirani madontho a mafuta ophikira, pukutani ndi nyuzipepala, kenako sopo ndi madzi pang'ono. Lino wa chiguduli kumbuyo musamumize m'madzi, amapindika. Rola muitsuke mpaka m'mbali mwake, ndipo poisunga mphira usagunde tebulo, chifukwa umaphwatalala mbali imodzi n'kumasiya mzere pa chithunzi chilichonse. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed, amene amakhala mu inki ya mafuta, zingathe kutentha zokha n'kuyaka zikaunjikidwa, choncho ziyanikeni panja chotambasula kapena muziike m'chitini cha madzi chotsekera musanatseke situdiyo madzulo.